Mikanda Yoyera

Ndimakhala pansi pa ambulera pa M'baluku
kutumiza ndalama za anthu pa foni.
Ndimadziwa kuti uthenga ukachoka kuno
uyenera kuyankhidwa uko,
apo ayi mwini ndalama sasuntha pamaso panga.
Ndiye Sisita Mtila atandikhazika pa benchi
n'kuyamba kujambula kuseri kwa buku langa la kuchipatala,
sindinavutike kumva.

Anati: pansi pa ubongo wako, Saujati,
pali kanthu kochepa ngati nandolo imodzi.
Ndiko kamayamba kulankhula.
Magazi ndiwo amanyamula mawu.
Uthenga woyamba, FSH,
umatsikira ku basiketi la mazira kukagogoda.
Timatumba tingapo timayasamula,
koma kamodzi kamakula kuposa tinzake,
tinato n'kubwerera kukagona osadzukanso.
Kopambanako kamayankha ndi esitirojeni:
sesani m'chiberekero, yalani, onjezani zofunda,
chikazi chiterere ngati choyera cha dzira la nkhuku,
njira ifewe.
Esitirojeniyo akachuluka mpaka kumveka kumutu,
kumutu kumakuwa kamodzi, mwamphamvu: LH!
Kathumba n'kung'ambika. Dzira n'kutuluka.

Tsiku limodzi, anatero, akugogoda cholembera pa tebulo.
Dzira lako limadikira tsiku limodzi basi.
Mbewu ya abambo ikafika msanga imatha kudikira masiku asanu,
koma ikachedwa, yachedwa.

Anandipatsa mkanda wokhala ndi kamphira kakuda.
Wofiira ndi tsiku loyamba kusamba.
Yoyera ndi masiku a khomo lotsekula.
Yakhofi ndi masiku wamba.

Twaibu anatsika basi ya ku Joni Lachitatu,
bulangete lolemera paphewa, wailesi m'katoni,
patatha miyezi khumi ndi umodzi.
Usiku ali ku bafa ndinasuzumira pansi pa pilo:
kamphira kali pa mkanda wa makumi awiri ndi chimodzi.
Wakhofi.

Sindinamuuze.
Ndinamuthirira madzi m'manja, ndinaseka nthabwala zake.
Koma m'kati, chikhungwa chija dzira linasiya
chinali chitasanduka kale chachikasu,
chikutumiza purojesiteroni ngati mlonda wokhulupirika
amene sanauzidwe kuti mlendo anadutsa kale:
fundititsani pogona, tsekani khomo,
kumutuko khalani chete, musadzutse dzira lina.
Mawere kulemera, thupi kufunda,
ine n'kudzinamiza kuti mwina.

Mlondayo ntchito yake ndi ya masabata awiri.
Akapanda kumva kuti m'nyumba mwagona munthu
amafota, amatsitsa mawu,
zoyala zonse n'kuyalulidwa.
M'mawa umene Twaibu anakwera basi
ndinabweza kamphira pa mkanda wofiira.

Apongozi anga, Abiti Mkwanda, amawerenga zaka.
Akuti zitatu, popanda ngakhale thewera pa chingwe.
Akuti ku Namwera kuli munthu wa mitsitsi,
akutinso kuli mtsikana wa kwa Chowe wa chiuno chabwino.
Ine ndimawerenga masiku.
Asanu ndi anayi chaka chino,
asanu ndi anayi chatha,
khumi chaka cha ukwati.
Oyera pamenepo sindikukumbukira.

Sindikuti ndikudziwa zonse za thupi langa.
Sisita anati pakadali zoti ayeze, kwa ine ndi kwa iyenso.
Koma mauthenga anga amafika.
Mwezi ndi mwezi ndimamva kachisu kumanzere kapena kumanja,
ngati foni yanjenjemera m'thumba la epuloni.

Lero ndalemba:
Mwezi wamawa usatumize ndalama.
Upemphe tchuthi kwa abwana ako,
ufike pa leveni, osati pa twente.
Usafunse amayi, ufunse ine.

Yapita. Timizere tiwiri, sitinasinthe mtundu.
Mnyamata wa kabaza waima kutsogolo kwanga,
akuti mayi, zikwi zitatu, nambala ndi iyi,
ndatumiza kale koma sizikufika.
Ndamuuza kuti adikire pang'ono.